Fatsani Walasa Kavalo wa Bwana

Lamulungu, ku Centenary.

Bambo a Fatsani, mawa akhoza kutithamangitsa papulazi ya fodya pano. Mwana wathu Fatsani walasa kavalo wa bwana pamwendo, folomani akuona.

Zayamba ndi bayisikopo ya dzulo imene anatiwonetsa pakhoma la balani ya fodya. Inali ya nkhondo ya ku Amereka, asilikali achizungu a pa akavalo kumenyana ndi Asiyu ndi Acheyeni, aja ovala nthenga kumutu. Asilikali atatentha misasa ya anthengawo ndinakumbuka kwathu ku Tete, momwe asilikali anatenthera midzi yathu. Ndiye anthengawo atatsika phiri, fumbi lili koboo, ndinaimirira n'kuimba nthungululu pamodzi ndi komboni yonse. Ndinkafuula kuti, "Alaseni, alaseni!"

Lero mwana wazika nthenga za nkhanga m'tsitsi, muvi wake sipoko ya njinga. Kavalo akutsimphina. Pomufunsa akuti, "Amayi, si inu munkati alaseni?"

Folomani wati tionana m'mawa. Ine chitupa ndilibe, Chingerezi sinditha. Bambo a Fatsani, zakumalirozo ku Shamva zisiyeni, kwerani bhazi yoyamba, bwana asanandiyitane ndekha.