Jumbo ya Abambo

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Mwanza tili bwino, kupatula mwendo wa amayi uja.

Munafunsa za makina a infuraredi a kulabotale kwathu, oyezera mafuta a makoko a manachesi. Timagalasi take tamchere, topakapo mafutawo, tinasungunuka ndi chinyezi, ndipo tatsopano n'todula koopsa. Ndiye abwana anati tizidula kachidutswa ka jumbo yopyapyala n'kumata pakatoni yoboola pakati. Zimathekadi!

Lolemba pothamangira kuntchito ndinangotola jumbo yopinda kuchipinda kwa amayi. Ndinadula n'kuika m'makina osapakapo kanthu, kuti tione kaye mizere imene makinawo amajambula akayeza pulasitiki yokha. Koma panatuluka mizere inanso. Abwana anayang'anitsitsa n'kundifunsa, "Iwe, wapakapo mankhwala a pachifuwa?" Ndinakana. Ndinanunkhiza, osamva fungo lililonse. Tinabwereza, mizere yomweyo.

Kwathu wodzola mankhwala amenewo anali mmodzi yekha.

Nditaweruka ndinakaonetsetsa. Ndi jumbo ija inabwera ndi malaya a malemu abambo kuchokera kuchipatala. Paja malume analamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka tsiku logawa, lomwe ndi Loweruka likubwerali. Pano jumboyo ili ndi bowo.

Chonde aimbireni amayi tsikulo lisanafike, muwafotokozere inuyo, ine pakamwa pakundilemera. Muwafunsenso ngati ndibweze kachidutswako. Kali mudirowa kulabu, ndipo ndikatsala ndekha mulabumo sinditha kukafulatira.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tadala