Timapiritsi m'chitini cha mabatani

Okondedwa Amayi aang'ono,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Kuno tilipo, kungoti kutopa.

Mwezi watha ndili pamakina kusoka diresi la kasitomala, mtima unangoyamba kuthamanga, mpweya kubanika, mpaka ndinakhala pansi poganiza kuti ndikufa. Aka kanali kachitatu. Adokotala akuti mtima uli bwinobwino, vuto ndi nkhawa. Andilembera timapiritsi tomwa m'mawa uliwonse, akuti timachedwa kuyamba kugwira ntchito. Pakadali pano tikungondipatsa nseru ndi tulo.

Ndimatibisa m'chitini cha mabatani, poti mmenemo simupisa munthu. Tsono apongozi ataona nseruyo akondwa zedi. Andiletsa kunyamula ndowa, ndipo dzulo ndinawapeza akuluka timasokosi. Ndinangoti, "N'tokongola, amayi."

Masiku ano ndikukumbukira malemu amayi, mmene ankadzitsekera kubafa madzi akungotayika pampopi, inu n'kumatiuza kuti tikasewere panja. Kodi nawonso... kaya, mwina musayankhe m'kalata.

Ndafunsa chifukwa dzana nanenso ndinadzitsekera kubafa n'kutsegula mpopi kuti wina asandimve.

Ndine mwana wanu,
Telala uja