Dzino Lathera pa Thabwa la Bedi

Pasig, Manila

Okondedwa achemwali anga a Nenita,

Landirani moni wanga. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Catbalogan? Nanga amayi, chifuwa chija chikuwalola kugona? Ine ndilipo, ntchito yosoka ikuyenda, koma mtima suli m'malo.

Dzino linkandisautsa lija, adokotala a mano anachotsa mtsempha wake, ululu n'kutheratu. Anandichenjeza kuti dzino lopanda mtsempha lili ngati nkhuni youma, ndisalumire chinthu cholimba mpaka aliveke kachipewa kolitchinjiriza. Anayeza, nati ndibwere Lachisanu. Ndinamvera ndithu, kumangodya phala la mpunga, anzanga kuntchito mpaka kunditcha nkhalamba.

Ndiye Lachinayi ndinalota dzino lagwera m'manja mwanga. Mukukumbuka zimene amayi anatiphunzitsa: maloto otere ndi maliro pakhomo, ukadzuka ukalume mtengo usanalankhule ndi munthu, tsokalo lipite kumtengoko. Kuno mtengo ndikanaupeza kuti, konsekonse simenti? Ndinagwada n'kuluma thabwa la bedi. Maganizo onse anali pa amayi, za adokotala sindinazikumbuke n'komwe. Ndinaluma ndi mphamvu zanga zonse, ndinangomva kuti thyo!

Lachisanu adokotala atayang'ana anagwira kumutu. Akuti lang'ambika mpaka kumuzu, kachipewa kalibe pokhala. Anandifunsa ngati ndimatafuna miyala. Nditawafotokozera anati agogo awonso ankaluma mtengo wa gwafa. Analizula n'kundipatsa m'manja. Kachipewa kaja anandikulungira m'kapepala, koyera bwinobwino, kopanda ntchito.

Dzinolo sindikulilira ayi. Mukundiliza ndinu, achemwali. Ndikaimba foni mumati amayi agona, mawa lake mumati apita kutchalitchi. Munthu wolephera kufika pachitsime angafike kutchalitchi? Musandiyese mwana. Pempho langa ndi limodzi lokha: Lamlungu ndikaimba muwaike foni pakhutu ndimve mawu awo, ngakhale atangotsokomola. Za malotowa musawauze.

Mupereke moni kwa alamu a Berting, azakhali a Soling ndi ana onse. Amayi muwagwire dzanja, muliike pachipumi panu m'malo mwa ine, monga timachitira popereka ulemu kwa akulu.

Malotowo akwaniritsidwa kale, dzino lagweradi m'manja mwanga. Chonde ndiuzeni kuti athera pomwepo.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Merlita