Chikhomo Chofiira Kumutu kwa Manda Anu

Amayi, kaya mukupezako bwanji kumeneko? Kuno a Binwelo, amfumu athu aja, akadali moyo. Ndayamba ndi iwo chifukwa sindinaiwale kuti tsiku la maliro anu ndi iwo anauza adzukulu kuti akukumbireni kumapeto kwa manda, m'mbali mwa chigwembe, ati ife ndife obwera.

Zina zili bwino. Esitere wa achemwali wabereka mwana wamkazi ku chipatala cha Magaleta, tamutcha dzina lanu. Nandolo wachita, koma manachesi anayoyoka asanapse. Ine miyendo ikutupa.

Chigwembe chija chakula. Madzi adya dothi mpaka miyala yaonekera, yosanjikizana ngati njerwa za pa uvuni. Mwezi watha mwana wa a Binwelo anabwera ndi alendo awiri a galimoto, atanyamula tinyundo. Ndinawatsatira. Anandifotokozera mwaulemu, ulemu wake wochita kunyanya. Akuti kalekale madzi ankakokolola mchenga ndi matope n'kumazisiya pamalo amodzi, zina pamwamba pa zinzake, mpaka zapansi zinapsinjika n'kusanduka mwala. Wokhakhala uja munkanolera mpeni akuti ndi mwala wa mchenga. Wotuwa wosendeka uja ndi wa matope. Wina uli ndi timiyala tozungulira tomatirira m'kati, akuti umasonyeza kuti pamenepo pankadutsa mtsinje wothamanga. Mayina achingerezi anatchula, koma sanandikhale m'mutu. Sukulu yanga mukuidziwa pomwe inalekezera.

Mpaka pamenepo ndinkangogwedeza mutu. Atafika pa mwala woyera anaudonthezera mankhwala, unachita thovu, iwo n'kuyang'anana. Akuti ndi wa laimu, basi. Kuyang'anana kuja sananditanthauzire. Inu munkati mlendo akayamikira mbuzi yako, pita ukaone chitseko cha khola. Kodi munthu angawotche mafuta kuchokera ku Blantyre kudzangopatsa miyala mayina? Nditafunsa ngati laimu amagulitsidwa, mwana wa a Binwelo anayamba kuyankha foni yomwe ine sindinaimve kulira.

Kenako onse atatu anakwera mtunda n'kulowa kumanda ngati akulowa m'munda, popanda maliro, popanda adzukulu. Ine ndinaima kunja monga munandilerera. Ndinawaona akukhoma chikhomo chopaka utoto wofiira chakumutu kwanu, pomwe ndinauza ana kuti adzandigoneke. Akuti n'chongokumbukira malo. Ndani amavutika kukumbukira malo amene sadzabwererako?

Sindinachizule. Ndikazula ine adzati nkhalamba yazungulira mutu, n'kudzakhoma china. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso: a Binwelo adzandire okha ndi ndodo yawo, achizule ndi manja awo adzukulu akuona, anene pakamwa kuti malo amenewo ndi anga. Mawa ndikakhala pakhomo pawo mpaka atuluke.

Ndimakukondani, Amayi. Pambali panu sipagona munthu wina, ndipo nyundo sidzalirapo ine ndikupuma.

Ndine mwana wanu,
Lemisoni