Manja a Achimwene

Lolemba, 3 Juni

Ndafika. Msana ngati andimenya. Chipinda chaching'ono, zenera loyang'ana khoma la eni ake. Kamera ili bwinobwino, ndabwera nditaikulunga m'juzi.

Abwana a kusitudiyo anandilangiza ngati ndikupita kunkhondo. Mumzinda waukulu jambula m'mamawa, anthu asanachuluke. Dzuwa likhale kumbuyo kwako. Kamera usaipachike m'khosi, akuba si anzako. Munthu usamujambule usanapemphe. Ndiye chomaliza: "Pakati pa chithunzi munthu amaikapo zimene akufuna uone. Iwe uziyang'ana m'mbali."

Koma ine sindinadzere nyumba zosanja. Amayi akufuna chithunzi cha achimwene ali mu ofesi mwawo, atakhala pa desiki. Zaka zisanu ndi chimodzi osabwera kwathu, kumangotumiza zithunzi ataima panja pa nyumba yamagalasi. Amayi miyendo yatupa, basi sangakwere. Adokotala sakulonjeza kanthu.

Lachiwiri, 4 Juni

Nyumba yamagalasi ndaipeza. Kutalika kwake, mpaka khosi kuwawa. Ndimati ndijambule, mlonda wakweza dzanja, akuti pano ayi. Ndatchula dzina la achimwene, wapukusa mutu. Ndatchulanso pang'onopang'ono. Akuti wakhala pageti pomwepo zaka khumi, dzinalo sanalimvepo.

Ndawaimbira. M'mawa ali pamsonkhano. Masana ali pamsonkhano. Madzulo foni yozima.

Ndajambula nkhunda ndi mabasi kuti tsiku lisapite pachabe. Zonse zopendekeka. Mtima suli m'malo.

Lachitatu, 5 Juni

Mvula. Osatuluka.

Pabedi, ndi zithunzi zakale za achimwene pafoni. Suti yomweyomweyo. Nsapato zonyezimira moti ungadzionerepo nkhope. Manja m'thumba, chithunzi chilichonse. Ndakumbukira mawu a abwana, ndakulitsa m'mbali. M'galasi la kumbuyo kwawo mukuoneka tsidya la msewu: kampando kakafupi, bokosi, maburashi. Zithunzi zinayi, bokosi lomwelo, popanda munthu. Nanga mwini wake anapita kuti?

Ndikudziwa kumene anapita. Ndikuchita mantha.

Lachisanu, 7 Juni

Dzulo ndinalephera kubwererako. Lero ndalimba mtima.

Ndi iwowo. Tsidya la msewu, atawerama pa nsapato ya munthu, nsanza ataikoka ndi manja onse awiri. Imvi mbuu! Ndajambula ndili patali, osapempha. Lamulo la abwana ndaliswera pa m'bale wanga weniweni.

Atadzutsa mutu tinangoyang'anana. Ndakhala pakampando ka makasitomala. Akuti ntchito inatha chaka choyamba chomwe. Suti amabwereka kwa telala. Lachiwiri anandiona, n'kubisala kuseri kwa mabasi. Pamenepa onse amawatchula Apolishi, chifukwa cha polishi wa nsapato, mlonda uja amamwa nawo tiyi koma dzina lenileni salidziwa. Zala zakuda mpaka m'zikhadabo, sopo anagonja kalekale.

Mawu awo: "Mlongo wanga, fufuta chimenecho. Amayi asafe akudziwa kuti ndimagwada pamapazi pa anthu."

Ndavomera. Ndadina batani lina kuti aziyesa ndafufuta. Chifukwa chake sindikuchidziwa, mwina mkwiyo. Ine zaka zonsezi kusambitsa Amayi, kuwatembenuza, kuwachapira, wotamandidwa n'kukhala wapachithunzi!

Lamulungu, 9 Juni

Mlonda watilowetsa m'nyumba yamagalasi ija mphindi khumi, akuluakulu kulibe. Desiki yolandirira alendo. Kuwala kwa m'mawa kukulowera pazenera lakumanzere, kofewa, abwana akanaomba m'manja. Suti, foni ya padesiki, maluwa apulasitiki. Manja awaika pansi pa desiki. M'mbali ndayang'ana kawiri, mulibe chotiulula.

Chithunzi chokongola kuposa zonse zimene ndajambulapo. Manyazi akundigwira ndikachiona.

Pondiperekeza kudepoti aumirira kundipukutira nsapato. Ine maso kumwamba, kuti misozi isawagwere pamutu.

Lachitatu, 12 Juni

Kwathu. Ndatsuka chachikulu kusitudiyo, ndawapatsa Amayi ali pabedi. Ayang'ana nthawi yaitali, osamwetulira.

Kenako: "Ndi pa desiki pomwe wabisanso. Undiuze zoona mwanawe, makina anamudula manja? Ofesiyo ndilibe nayo ntchito ine. Ndimati akakhala pa desiki manja aoneka."

Kani zaka zonsezi akhala akusenza zimenezo okha, osauza munthu. Ine ndi kamera yanga yonse, ndinazindikira sabata yatha.

Ndinalonjeza achimwene, ndikudziwa. Komabe ndatenga kamera, ndatsegula chija ndinaba, ndakulitsa. Amayi aika chala chawo pakagalasi, kuwerenga zala zakudazo chimodzichimodzi. Khumi. Abwerezanso. Za nsapato ndi bokosi sanafunse n'komwe. Angoti chimenechi ndiwatsukire chikhale pafupi ndi pilo, cha desikicho ndipachike pabalaza alendo aziona.

Agona kamera ili pachifuwa. Sindinawaonepo akupuma mofatsa chonchi chaka chino.

Achimwene aimba kale kawiri, akufuna kumva ngati Amayi akhulupirira. Foni ikuliranso.