Ndinakaniza zala, Guangzhou yandipita

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Tsiku loipa.

Andisiya. Akazi anga a NaJere ali ku Guangzhou, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ndi mwana wathu Esnati, ine ndili pa Manjawira kupirikitsa nkhuku pachimanga.

Ulendo wotchipawu unali wanga, woperekeza Esnati kukaoda katundu. Koma ku ofesi ya mapasipoti kalaliki anati, "Agogo, bweretsani zala." Ine wodziphunzitsa ndekha kulemba ku migodi ya ku Joni, ndidinde chala ngati mbuli? Ndinatola chipewa changa n'kutuluka. Basi, Esnati anatenga amake.

Lero aphunzitsi a Phiri abwera kudzandionetsa zithunzi zimene Esnati watumiza pafoni yawo. A NaJere, oopa ngakhale basi ya ku Balaka, akwera sitima yoyenda pansi pa nthaka. Aima patsinde pa nsanja yaitali yosaoneka kumutu. Akudya tizitumbuwa tanyama ta m'mbali mwa msewu ndi timitengo, msuzi uli chuchuchu pachibwano. Akuti akugona anthu asanu chipinda chimodzi, koma akuseka. Kuno sanasekepo choncho.

Ndawafotokozera aphunzitsiwo za chipongwe cha kalaliki uja. Iwo akuti, "Koma bambo, zalatu amadinda aliyense. Inenso ndinadinda. Ngakhale abusa."

Palibe anandinyoza, ndinadzimana ndekha. Maondo akuthawa, ndipo chaka chamawa kaya ndidzakhalapo...

Esnati, ukangofika upite ku ofesi ija ukandilembetsenso. Koma usakanene kuti ndinalakwa. Ukanene kuti tsiku lija ndinadwala.