Akuti Ndinawayang'ana Apongozi

Lolemba, 6 Okutobala 1913

Kudzuka maso atamatana ndi manthongo. Ofiira ngati tsabola. Elena, mkazi wanga, kungondiona, kuseka mpaka kugwira nthiti. Miyezi inayi yokha ndili pachikamwini kuno ku Chongoni, kuphunzitsa ana a eni, kulima munda wa eni. Lero sukulu ndatseka. Zilembo zikuvina.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Nkhani yafika kale kuchitsime. Akuti ndinawayang'ana kumaso apongozi anga, mayi ake a Elena, ndiye ichi n'chilango. Ine! Munthu wolumphira m'tchire ndikangomva kutsokomola kwawo panjira. Nkhope yawo sindiidziwa n'komwe. Ndimadziwa zidendene.

A Gerevazio, malume ake a Elena, akuti ayi, ndi mabuku. "Mapepala amadya maso." Iwo sanagwirepo buku chibadwire, koma mbuzi yawo yomwe amaizindikira ikafika pamphuno.

Lachinayi, 9 Okutobala

Asing'anga mudzi wonse. Uyu madzi a fodya, uyo mkodzo wa khanda, a Gerevazio masamba owawa osinja. Ndakana zonse. Ackim wa kwathu anamuthira zoterezi, diso lake mpaka lero n'loyera, saona nalo.

Kukanako kwaonjeza moto. Akuti wokana mankhwala akudziwa chimene anachita. Lamulungu akhalirana pansi za ine. Akati ndinyamule mphasa yanga ndizipita?

Elena wasiya kuseka. Wandifunsa chapansipansi, "Damiano, munawayang'anadi?" Zandiwawa kuposa masowa.

Loweruka, 11 Okutobala

Wapansi mpaka kumishoni, nsalu kumutu, fumbi, dzuwa. Abambo wansembe anandifunyulula chikope, nati matendawa amayenda ndi ntchentche, zala ndi nsalu zopukutira. Kuyang'ana munthu sikupatsa wina matenda. Kuwerenganso sikudya diso, kumangolitopetsa. Mankhwala ake: madzi owiritsa ozizira, kamchere pang'ono, aliyense kansalu kakekake. Nditatchula za apongozi anaseka mpaka ndevu kugwedezeka.

Pobwerera ndakumbuka. Sabata yatha ana atatu kusukulu anali ndi maso otere. Ndinawapukuta ndi mpango wanga, kenako n'kudzipukuta nawo thukuta. Mphunzitsi wanzeru!

Lamulungu, 12 Okutobala

Mlandu walephereka. Woweruza, a Gerevazio, adzuka maso ali tupe, sakuona ndi khomo lomwe. Apongozinso chimodzimodzi. Elena, atagwada mwaulemu wonse, anati, "Nanga inu amalume, mwayang'ana yani?"

Ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe. Kuseka mpaka misozi. Yatsukako maso.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndasanduka sing'anga wofulatira. Ine panja, msana kukhomo la apongozi. Elena m'nyumba ndi mphika wa madzi. Ndikati asambe m'manja kaye, Elena abwereza. Apongozi akayankha, Elena abwerezanso, ngakhale ndamva kale ndi makutu angawa. Dzulo apongozi anati, "Umuuze mkamwiniyo kuti mchere wake ukuluma." Ndinati uwauze kuti madzi a fodya amaluma koposa.

A Gerevazio akusamba mobisa. Pagulu akuti achira ndi masamba awo.

Maso anga ayera. Sukulu mawa. Ana onse kusamba kumaso tisanayambe a, e, i.

Lachisanu, 24 Okutobala

Onse achira. Wopepesa palibe. Koma m'mawa tambala womangidwa miyendo pakhomo, akuti wachokera "kwa munthu wina".

Kumunda, tikusosa, Elena wandiuza. Ali ndi pakati, miyezi iwiri. Khasu linandipulumuka. Ndinakhala pansi pamzere pomwepo.

Lamulo loyamba lafika kale kuchokera kwa apongozi: Elena asayang'ane birimankhwe, mwana angabadwe diso lina kum'mawa, lina kumadzulo. Ndinamufotokozera bwinobwino monga mphunzitsi kuti zimenezo n'zabodza. Anavomera.

Pobwerera, birimankhwe uyo ali pakanthambi m'mbali mwa njira, maso ake gubudugubudu. Ndipo amene analumpha n'kumutseka Elena kumaso ndi manja onse awiri, khasu kutaya uko, ndi ine ndemwe.

Elena akusekabe kunjaku. Akuti akukawauza amayi ake, ndipo ndikumva akutsegula chitse—